Sikirini Yotchipa

Mayi wa saluni anamenyetsa foni pakauntala mpaka timisomali ta wokonza mafoni tinadumpha.

"Taonani! Ili mungati ndi tsitsi ili? Mutu uwu ndauluka m'mawa wonse, msana kuchita kuthyoka, ndiye pachithunzi pakutuluka chimpira chakuda bii. Makasitomala ndiziwaonetsa chiyani?"

Wokonza mafoni anasuzumira, n'kudzikanda kumutu. Zoonadi, nkhope ya kasitomala inali mbee, koma mizere ya maluko panalibe. Sikiriniyo anaiika ndi iye yemwe miyezi yapitayo, yoyamba itasweka, ndipo tsiku limenelo analumbira kuti ndi yeniyeni.

"Mayi, masikirini enawa amatero," anatero motsitsa mawu. "Zowala amaonetsa bwinobwino. Koma chofiirira, chotuwa, mthunzi, zonse amangoziphatikiza n'kukhala chakuda chimodzi."

"Enawa ati? Si munati ndi yeniyeni inu? Wakuba wopanda manyazi!"

"Pepani, khalani pansi ndikuikireni ina. Musandiitanire anthu."

Asanaitsegule n'komwe, foni ija inayamba kulira. Mayiyo anangoona dzina, n'kutsonya.

"Idulenitu. Ndi azakhali amenewo. Akufuna kundinyengerera za Makala."

Wokonza mafoni sanafunse kuti Makala ndani. Koma mayiyu sankadikira kufunsidwa. Nkhani imeneyi anali ataiuza kale makasitomala onse, woyendetsa basi, ngakhale munthu wobwera kudzawerenga mita ya madzi.

Makala anali mlongo wake wamng'ono, mlonda wa pafakitale ina. Dzinalo anamupatsa ndi iye yemwe ali ana, chifukwa mwanayo anabadwa wakuda kuposa onse m'nyumbamo. Bambo awo atagonekedwa m'chipatala, iye anali kutali, saluni itangotsegulidwa kumene. Anagwirizana kuti Makala ndiye aziwadikirira. Makala anavomera, mwaulemu wake wonamizira uja.

Ndiye tsiku lina azakhali atapita kukazonda wodwala, anamutumizira chithunzi. Popanda mawu, poti azakhali kulemba pafoni ndi nkhondo. Chithunzicho mayiyu anachiyang'ana mpaka kuchiloweza. Makatani otseka. Bambo ali gone pabedi, masaya atalowa, kukamwa kuli yasa. Dzanja lawo litalendewera m'mphepete mwa bedi ngati akupempha madzi. Pambali pawo popanda munthu. M'mawa mwake bambo anamwalira.

"Okhaokha, bambo inu!" anatero, akumenya kauntala ndi chikhatho. "Munthu amene anatilera, kufa ngati galu wopanda mwini!"

Wokonza mafoni anangoti "Ayi, zachisoni," maso ali pantchito. Anatenthetsa m'mphepete mwa foni, n'kuyamba kukanganula sikirini yakale ija pang'onopang'ono.

Pamaliro mayiyu sanabise mkwiyo. Anazungulira ndi foni m'manja, kuonetsa aliyense, amalume, apongozi, anansi, mpaka anzake a Makala a kuntchito. Anthu ankayang'ana, n'kupukusa mitu. Makala anangoti, "Achemwali, ine ndinalipo." Iye anamukalipira anthu onse akumva: "Unalipo kuti? M'botolo la mowa? Chithunzi sichinama, iwe! Bambo wawapha ndiwe!" Azakhali anamukoka dzanja uku akufufuza foni yawo m'chikwama, koma iye anawakankha. Azakhali amenewo anayamba kalekale kumuikira kumbuyo Makala. Makalayo anamanga mabatani a jekete lake lakuda la ulonda, n'kuchoka maliro asanathe.

Chichokereni sanalankhulanenso. Nambala ya Makala mayiyu anaitsekera. Uthenga uliwonse wa azakhali ankaufufuta asanautsegule.

"Loweruka abale akukumana," anapitiriza. "Ndikanena poyera kuti m'nyumba ya bambo atulukemo. Atenge mkazi wake ndi ana ake, akaone kolowera. Amalume ndawauza kale, ali mbali yanga. Munthu wotaya bambo ake azigona m'chipinda chawo? Ine ndili moyo? Ayi ndithu."

"Komatu mlongo ndi mlongo, mayi."

"Inu konzani foni. Za kwathu zikukukhudzani pati? Mukanakhala munthu wolungama bwenzi mutandiikira chinyalala chimenechi?"

Wokonza mafoni analumikiza kawaya, n'kukanikiza sikirini yatsopano mpaka inati tswa. Anaipukuta ndi kansalu, n'kuiyatsa.

Mayiyo anaitsomphola, n'kutsegula chithunzi cha tsitsi chija. Maluko onse anaoneka, mzere ndi mzere, mpaka timatsitsi ta pakhosi. Anagwedeza mutu, koma kuthokoza ayi. Mtima unali udakatentha.

"Mlongo ndi mlongo, eti? Dikirani ndikuonetseni nokha, muone mlongo amene mukumunenayo."

Anapitiriza zithunzi ndi chala mwaukali mpaka anachipeza. Anakweza foni kuti amuonetse, koma dzanja linaima panjira.

Makatani anali omwe aja, bedi lomwe lija. Koma pambali pabedi, pomwe pankangooneka mdima, panali Makala atagwada pansi m'jekete lake lakuda, tulo titamugwira, chipumi chili pamatiresi. Dzanja la bambo lija silinkapempha madzi. Linali pamutu pake.