Madzi a M'chifuwa cha Rabson

Mtima wa Rabson unali utatupa. Adokotala anauza mkazi wake Ireen kuti magazi amadzaza mumtimamo mopitirira muyeso, koma mtimawo ulibenso mphamvu yowapopa onse, n'chifukwa chake madzi amaunjikana m'mapapo ndi m'miyendo. Rabson ankagona chokhala, ndipo kungoyenda kufika pakhomo mpweya unkamuthera.

Tsiku lina madzulo anayamba kubanika, mapiritsi okodzetsa atatha. Ireen anathamangira kwa namwino wina wa m'dera lawo lomwelo la Kawale. Pobwerera kunali kutada, magetsi atazima.

Atangodutsa pachigayo, anamva mapazi pambuyo pake. Anali Rabson, akuyenda mwachangu, atavala nsapato zimene zinasiya kalekale kumukwana.

"Bambo a Favour! Mwafika bwanji kuno?"

"M'chifuwa mwapepuka, mayi a Favour. Madzi onse aphwa. Tagwirani muone."

Anatenga dzanja la Ireen n'kuliika pachifuwa pake. Panali pozizira ngati mtsuko, ndipo mkatimo simunkagunda kanthu. Ireen anayesa kuchotsa dzanjalo, koma Rabson analigwira zolimba mpaka anafika pakhomo pawo.

"Tsegulani," anatero Rabson. "Lero ndikufuna ndigone chagada."

Pomwepo m'nyumba munamveka munthu akutsokomola movutikira, kenako mawu ofooka a mwamuna wake.

"Mayi a Favour, ndinu? Amene muli nayeyo wakhala akugogoda chichokereni inu. Chonde musamulowetse."