Mkamwini Wotsika Phiri pa Njinga

Belu la njinga litangolira kumtunda, Petro anataya dengu limene ankaluka n'kuthamangira kumsewu. Munthu wa imvi zake, koma liwiro ngati wayamba njuchi.

Linali Lachisanu, tsiku la Sebastiano. Sabata iliyonse mkuluyu ankatsika phiri kuchokera ku Kabula pa njinga yakuda, fumbi lili koboo m'mbuyo, n'kudzaima pamtengo wa mtondo wa Petro, pomwe msewu umagwera m'chigwa cha Chikwawa. Chaka chimenecho cha 1912, m'mudzimo munalibe amene anaikhudzapo njinga, ndipo Sebastiano sankalola. Ngakhale madzi omupatsa ankamwa atakwinya nkhope.

"Mumakhala bwanji m'ng'anjo muno?" ankatero. "Kwathu kumtunda timafunda bulangete masana."

Petro ankaseka mpaka kutsokomola, akunyozedwa pakhomo pake pomwe. Chimene ankafuna n'chakuti mwana wa mlongo wake, Emelia, akwatiwe ndi mwini njingayo. Koma Emelia anali atatomeredwa kale ndi Lorenso, msodzi wa bwato lakelake ndi dimba la mbatata, amene anali atayamba kudula mitengo ya nyumba yapachikamwini. Mlandu wa Lorenso unali umodzi wokha: ankayenda pansi ngati wina aliyense.

"Atsibweni, munthu uja sitidziwa n'kwawo komwe," anatero Emelia tsikulo, misozi ili chuchuchu. "Ine mtima wanga uli kwa Lorenso."

"Tseka pakamwa iwe! Za kwawo ukufuna udye? Njingayo sukuiona? Mmphawi angaitole kuti?"

M'mawa mwake Petro anabweza chikole cha Lorenso, mpango ndi mikanda, anthu akuona. Lorenso anatenga nkhwangwa yake, ndipo mwezi usanathe anakafunsira mbeta ku Mlolo. Emelia anaonda ndi chisoni. Petro ananenepa ndi matama. Pamowa analeka kukamba za thonje, n'kumafotokoza misewu ya ku Kabula imene sanaipondepo, makhota ake onse, ndi mphepo yozizira imene idzamuwombe atakhala kumbuyo kwa mkamwini wake.

Lachisanu lokamba za ukwati, Petro anapha mbuzi n'kuitana mudzi wonse kuti adani ake aone. Anasesa pamtondo kawiri. Dzuwa linakwera mpaka paliwombo, belu osamveka. Akuluakulu anayamba kuyang'anana, ena kunong'onezana.

Kenako kumtunda kunamveka nyimbo ya onyamula machila. Anatsika pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, ndipo m'machilamo munali mzungu wogula thonje, wonenepa, atagwiritsa mtengo ndi manja onse awiri. M'mbuyo mwawo munkabwera njinga yakuda, magudumu ali m'mwamba, itakhala pankhata. Woisenzayo anabisa nkhope ndi mkono.

"Tula njinga yanga apa, Sebastiano, pano m'posalala, nditha kukwera," anatero mzunguyo m'Chinyanja chake chopindika. "Phiri ndimaliopa, n'chifukwa chake ndinakulemba ntchito yotsogola nayo pamutu. Lero ndati tiyendere limodzi, ndione chimene chikumaliza matayala."