Mzere Wakutsogolo

"Mayi Mgolo, miyendo m'mwamba! Mukudumpha kapena mukuponda dothi la njerwa?"

Holo yonse inafa nalo phwete. Kochi anali ndi mawu oposa sipika yake, ndipo m'mawa uliwonse nthabwala zake zinkagwera munthu mmodzi yemweyo, mayi wa saluni amene ankaima kumzere wakumbuyo, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi. Dzina loti Mgolo anamupatsa ndi Kochiyo tsiku loyamba, ndipo linamumatirira ngati phula. Mayiyo ankaseka nawo, thukuta likumulowa m'maso. Kulira ankakalirira ku saluni, makina oumitsira tsitsi akamasokosera.

Holo ya masewero olimbitsa thupiyo inali pamwamba pa sitolo ya matayala. Munali galasi lalikulu long'aluka pakona, mphasa zalabala zonunkha mapazi, ndi khoma limene Kochi ankalitcha khoma la ulemu. Pakhomapo panali zithunzi ziwiri za mayi wina wosoka zovala, amene onse ankangomuti Telala. Pa chithunzi choyamba anali wojintcha, khosi losaoneka. Pa chachiwiri anali ngati bango.

"Taonani Telala," Kochi ankatero akuloza kutsogolo. "Awa amamva zonena. Enanu mumangobwera kudzatithera mpweya."

Mgolo ankamuda Telala ndi mtima wonse. Ankadana ndi khosi lake, kaseweredwe kake, ngakhale mmene ankamangira zingwe za nsapato. Tsiku lina Telala anachita chizungulire n'kukhala pansi, milomo ili gwa. Anatambasula dzanja kupempha madzi. Mgolo anamwa botolo lake lonse akumuyang'ana.

"Okongola samva ludzu," anatero.

Kenako Telala anasiya kubwera. Kochi anati mayiyo wafika pomwe ankafuna, ndipo wosamva yekha ndi amene amakalambira m'kalasi.

Masana Kochi ankagwira ntchito yoyeza magazi pachipatala china. Ophunzira ake ankawayeza nthawi ndi nthawi, ati kuopa kuti wina angadzamugwere pamphasa. Amayi ankamuyamikira pa zimenezi: pakamwa mpoipa, koma mtima ngwabwino. Itafika nthawi ya Mgolo, Kochi anamutenga magazi osamuyang'ana n'kumaso komwe. Koma mawa lake anamuitanira pambali akumwetulira.

"Muli bwinobwino, mayi. Magazi ngati a mtsikana. Taimani apa ndikujambuleni. Ndakhala ndikukuonani, inu ndiye muli ndi khama. Kuyambira lero muziima kutsogolo."

Mgolo anadutsa pakati pa anzake n'kukaima kutsogolo. Aka kanali koyamba kudziona thupi lonse pagalasi popanda msana wa munthu wina womutchinga.

Ndipo zinayamba kutheka. Masiketi anayamba kuzungulira m'chiuno. Mphete inkavuka yokha akamatsuka makasitomala tsitsi. Chakudya sankachifunanso, ndipo Kochi anati thupi laphunzira mwambo. Akatopa pokwera masitepe, Kochi ankati ndi mafuta akutsanzika. Mwamuna wake, amene kale ankayenda patsogolo ngati sakumudziwa, anayamba kudzamudikira pakhomo pa sitolo ya matayala. Alamu ake amene ankati mchimwene wawo anakwatira thumba la simenti anayamba kufunsa kuti kalasiyo imayamba nthawi yanji. Dzina loti Mgolo linafa. Tsopano anali Nyenyezi.

Kumzere wakumbuyo kunabwera mtsikana wina wonenepa, wamanyazi, wovala juzi ya bambo ake. Nyenyezi sanadikire Kochi.

"Iwe, dzina langa lakale lilibe mwini. Tenga, likukwana."

Holo inaseka. Mtsikanayo anasekanso nawo, maso ali pansi. Nyenyezi anamva kukoma kumene sanakumvepo chibadwire.

Loweruka lina gulu lonse linakonza zokakwera phiri la kunja kwa mzinda, ndipo Nyenyezi ndi amene anasankhidwa kutsogolera. Anafika kuholo kuja m'mamawa, ena asanabwere. Kochi anali m'kachipinda kake akulongedza zingwe ndi mabotolo. Pakhoma la ulemu panaima mtsikana wachilendo, wovala zakuda, akumatula zithunzi za Telala pang'onopang'ono kuti zisang'ambike.

"Iwe, wakutuma ndani?" Nyenyezi anafunsa.

"Pepani amayi. Ndine mwana wa a Telala. Ndabwera kudzatenga zithunzi za mayi anga."

"Aa, zachita bwino, malo akufunika. Ukawauze mayi ako kuti kutsogolo kuli eni ake tsopano. Akadzanenepanso adzayambire kumbuyo ngati anzawo."

Mtsikanayo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anayang'anitsitsa mikono yowonda ija, ndi lamba wobooledwa mabowo atsopano.

"Mayi tinawaika m'manda mwezi watha," anatero motsitsa mawu. "Khansa ya m'magazi. Adokotala anati matendawo anakhalitsa, aliyense woyeza magazi akanawaona kalekale. Koma a Kochi atawayeza anawauza kuti ali bwinobwino. Tsiku lomwelo anawajambula, n'kuwaika kutsogolo."

Chitseko cha kachipinda chinatseguka. Kochi anatuluka foni ili m'manja.

"Nyenyezi, mwafika? Taimani pakhomapo. Lero tijambule chithunzi chachiwiri."