Mchenga Pakamwa pa Paipi

Paipi inali itatsekekanso. Fanuel anaima m'madzi olekeza m'chiuno, napapasa ndi phazi kufuna kukamwa kwake. Mchenga wokhawokha. Chonsecho dzulo lomweli anakumba mpaka madzi akuda anatuluka ndi mkokomo.

Inali paipi yachitsulo, yonenepa ngati thunthu la mgwalangwa, yochokera ku nyumba za azungu pa Chiromo. Zotsuka ndi zotaya zonse za kumeneko zinkatsikira mu Shire kudzera m'menemo. Ikatsekeka, fungo linkabwerera kumakhonde a eni ake, ndipo amuna a m'mudzi ankaitanidwa ndi makasu ndi madengu.

"Nkhabe, ayi!" anakuwa Goodwell, kapitawo, ali pouma. "Palibe wopita kudimba mpaka paipi iyi iziyenda yokha. Iwe Fanuel, ukusamba kapena ukukumba?"

Fanuel anatema mchenga ndi khasu. Munda wake unali utapita ndi madzi osefukira. Chotsala chinali dimba, ndipo chinyontho chinkathawa dzuwa likangotuluka. Anzake omwe sanagwidwe pa ntchitoyi anali atadzala kale chimanga ndi mbatata. Iye akachedwa pang'ono, nthaka idzakhala mwala, ndipo banja lake lidzakhalira kuzula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, m'madambo mpaka mvula ina.

Mwezi womwewo anali ataika m'manda mwana wake woyamba, Elisha. Anangotsegula m'mimba, nafota anthu akuona. Fanuel sanapeze nthawi yolira. Atangometa, anamuitanira ku paipi.

Masana mkazi wake Justina ankabwera ndi nyika zophika, kamwana kawo Priska kali kumbuyo. Ankakhala pa mulu wa mchenga womwe amuna anavuula, maso ali pamadzi. Chiikire maliro sankayankhula zambiri. Fanuel ankadya mofulumira, kuthawa maso akewo.

Anthu ankati ndi mtsinje. Shire ndi wotero, ukamulanda mchenga amabwera kudzautenga. Fanuel anavomereza, mpaka m'mawa wina anayang'ana mulu uja. Madzulo unali wofika m'mapewa. Tsopano unali wa m'chiuno, ndipo m'mbali mwake munali mokumbidwa ndi manja. Madzi sanafike pamenepo.

Ndani angakonde kuti ntchito yonunkha chotere isathe? Anatembenuka. Goodwell anali akupukuta chipewa chake ndi mkono wa jekete. Chipewacho, jeketeyo ndi chikoti anapatsidwa chifukwa cha paipi. Paipi ikamayenda, Goodwell abwerera kukasenza mabelo a thonje padoko la sitima ngati wina aliyense.

"Shamwali, mutu wako watentha," anatero Kaitano, mnzake wosenza dengu, Fanuel atamunong'oneza zoti Goodwell ndiye akukwirira paipi. "Ukamenya kapitawo ukadzala chimanga chako kundende."

"Bola ndikadzale kwinakwake," anayankha Fanuel.

Tsiku limenelo anakumba ngati wamisala. Dzuwa likupendeka, paipi inasanza zake zonse, mafuta akuyandama pamwamba pa madzi. Goodwell anamwetulira. Fanuel anakuona kumwetulirako.

Sanapite kunyumba. Anagona kwa Kaitano, ndipo m'bandakucha anakabisala m'bango pafupi ndi paipi, mpini uli m'manja. Udzudzu unamuzinga. Ankaona dimba lake likung'aluka, ankaona kamanda kakang'ono kaja, ndipo zonsezo anaziika pamutu pa munthu mmodzi.

Nkhungu inali itakuta mtsinje. Anamva mapazi. Kenako manja akupala mchenga, kupuma kwa munthu wosenza cholemera, madzi akuvunduka. Khuthu! Mapazi anabwerera ku mulu. Ulendo wachiwiri, Fanuel anadumpha, mpini uli m'mwamba.

Justina sanathawe. Anali m'madzi olekeza m'ntchafu, dengu pamutu, Priska akugona kumbuyo. Analoza ndi chibwano kumunsi pang'ono, pomwe madzi a paipi ankakhotera, padooko pomwe akazi amatunga.

"Inu kumbani, bambo a Elisha, ine ndikwiriranso," anatero, nakhuthula dengu. "Priska wayamba kumwa madzi."