Njinga ya a Twalibu

Lukiya anali atagwira miyendo ya amuna ake, a Twalibu, kuti awatembenuze pamkeka pamene Uladi, mnzawo wa amuna akewo, anaodira pakhomo.

"Alamu, ndimati ndibwerekeko njinga ya a Twalibuyi. Ikungochita dzimbiri."

Lukiya anaitsitsa miyendoyo pang'onopang'ono. Inali yozizira, yolemera ngati matumba a mchenga, miyendo yomwe kale inkapalasa kabaza pa Ulongwe ponse.

Uladi yemweyu ndi amene ankapatsa mnzakeyo mapilitsi ochotsa kutopa. Tsiku lomwe Twalibu anamwa ochuluka n'kukomoka pasiteji, Uladi anamukokera kuseri kwa chigayo. Anamukhazika chopindika, mutu pakati pa mawondo, n'kumufunditsa chiguduli kuti anthu opita kumzikiti ku mapemphero a Juma asamuone. Anakhala choncho mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala anati mtsempha wa msana unafera pomwepo.

"Munawabisa ngati mbuzi yakuba," anatero Lukiya. "Chipatala chili pompo!"

"Tinkawapewetsa manyazi, alamu."

"Manyazi? Lowani mudzawaone manyaziwo. Bambo wa ana atatu ndikumusintha thewera!"

Twalibu anatembenuzira nkhope kukhoma.

Lukiya anatuluka, natola chikwanje pakhonde. Uladi anabwerera m'mbuyo, koma mayiyo anamudutsa n'kulunjika pomwe inayedzamira njinga ya amuna ake. Anatema tayala lakutsogolo, kenako lakumbuyo, natemanso masipoko mpaka mkono kuwawa.

Ndiye anaikankhira kumapazi a Uladi.

"Tengani. Muibereke kumsana, monga ndimaberekera eni ake."