Firiji ya Lendi

"Nyamulani firijiyo," a Besa, achimwene ake a malemu, analamula anyamata awo maliro atangotha.

Cathy, mkazi wamasiyeyo, anatsekereza khomo. Mipando ndi bedi, zimene mwamuna wake anagula pangongole yopanda chiwongoladzanja n'kumaliza kulipira, zinali zitakwezedwa kale mu lole. Firijiyo ndiyo inkadyetsa ana ake, pakuti ankagulitsa maheu ozizira ku Kabwata.

"Alamu, iyi si yathu. Ndimalipira lendi kusitolo mwezi uliwonse," anatero, akuwapatsira pepala.

A Besa analiwerenga kawiri, n'kuuza anyamata aja kuti aisiye.

"Mng'ono wanga ankadandaula kuti mukutaya ndalama pa chinthu chimene sichidzakhala chanu."

"Ankanena zoona, alamu," anayankha Cathy.

Lole itachoka, m'nyumba monse munatsala firiji yokhayo.