Mapepala a Bambo Gwatidzo Apezeka

"Zimitsani makinawo!" anakuwa Gwatidzo, mkulu wa zamakompyuta, koma satifiketi yomaliza inali itatuluka kale.

Nyaradzo, mnzake wa mu ofesi, anatola mapepalawo akadali otentha. Anamwino 412 amayenera kulandira masatifiketi mawa lake pakoleji yawo ku Gweru, koma pepala lililonse linali ndi dzina limodzi: Tichaona Gwatidzo.

"Fayilo ya mayina yanuyo ndi yowola, mayi," anatero Gwatidzo. "Pulogalamu yanga silakwa."

Nyaradzo anatsonya. Munthu yemweyu dzana anamuuza kuti azisamala ketulo, za mapulogalamu a XSLT azisiyira amuna. Anatsegula pulogalamuyo n'kuloza ndi chikhadabo.

"Timizere tiwiri topendekekati mwationa, akatswiri? Pulogalamu ikaima pa wophunzira aliyense, inu mukuiuza kuti imusiye pomwepo, ithamangire kumutu kwa fayilo, ikatole dzina loyamba kulipeza. Mukanaika kadontho kutsogoloku, bwenzi ikufunsa amene yaima nayeyo."

"Nanga dzina langa likutani kumutuko?"

"Si inu munalilemba poyeserera, n'kuiwala kufufuta? Paja munati mndandanda uziyamba ndi anthu anzeru."

Pakhomo panatulukira mkulu wa koleji, yemwe kwa zaka zitatu ankakumbutsa Gwatidzo kuti abweretse mapepala ake a sukulu, iye n'kumangoti anatsala kumudzi, mu sutikesi.

"Mwafika bwino, bwana," anatero Nyaradzo, akuwapatsira mulu wonse ndi manja awiri. "Mapepala a bambo Gwatidzo aja apezeka. Sankhanipo."